Kampira Kofiira ka pa Geti

"Sindisaina."

Mdala uja anakankha cholembera ndi chala chimodzi mpaka chinagubuduka n'kukagwera pansi pa tebulo. Insipekitala, bwana wanga, anayang'ana pamene chinagwerapo, kenako anayang'ana ine ngati ndine ndachigwetsa. Sindinawerame. Ndinalowa upolisi kudzagwira akuba, osati kudzatolera anthu zolembera.

"Bambo, ife tikukuthandizani," anatero Insipekitala. "Mukavomera, mawa kukhoti ndi chindapusa basi, n'kumapita kwanu. Mukauma mutu, ndi ndende. Pa msinkhu wanuwu ndende mukaipirira?"

"Ndendeyo ndikaiona ndikafika. Koma dzina langa pansi pa mawu akuti wakuba, ayi. Lembanipo lanu."

Mdalayu anali mlonda pa wekishopu ina yokonza mamota a magetsi, kumene amachotsa waya wopsa n'kukulungamo watsopano. Waya wake ndi wa kopa, mkuwa uja, ndipo kopa sasowa womugula. Kwa chaka chathunthu wayayo ankasowa pang'onopang'ono, mpaka anzathu oyendera m'misika anakapeza mulu wake kwa wogula zitsulo zakutha. Mwini wekishopu anati potulukira ndi pamodzi, ndipo pamenepo pamakhala munthu mmodzi. M'kanyumba ka mlonda anapezamo kachidutswa ka waya yemweyo, atamangira chogwirira cha ketulo. Kwa Insipekitala, mlandu wonse unathera pa ketulopo.

Insipekitalayo atatuluka akumenyetsa chitseko, ndinakhala pa mpando wake.

"Tandiuzeninso za pa geti, bambo."

"Ndanena kale dzulo."

"Bwerezani."

Ku ofesi amanditcha Bwerezani chifukwa cha mawu amenewa. Amaganiza kuti dzinali limandiwawa, koma ine ndimalikonda. Munthu wonena zoona akabwereza amasintha tina n'tina; wabodza amabwereza ngati nyimbo ya kwaya.

"Pa geti pali thumba lansalu," anatero mdalayo. "Muli timipira tachitsulo tisanu, tija ta m'mabeyaringi. Tinayi toyera, kamodzi kofiira. Aliyense akamaweruka amapisa dzanja osayang'anamo. Akatola koyera, adutse. Akatola kofiira, avule nsapato, ndimusecha kuyambira m'tsitsi mpaka kuphazi. Kenako kampirako ndibwezamo, ndikhutchumula, wina apise."

"Bwanji osangosecha onse?"

"Anthu onse aja? Basi ikawasiya awaperekeze ndani? Anadandaula, ndiye abwana anabweretsa za thumbazi. Ndipo ndi zabwino. Thumba silidziwa m'bale, silidziwa bwana. Langa lija silinanamizepo munthu."

Ananena zimenezi chifuwa chili patsogolo, ngati akuchitira umboni mwana wake. Ndinamukonda mdalayo, ndipo ndinachita naye mantha, chifukwa anthu ouma mutu pa chilungamo ndi amene amakhalitsa m'ndende.

Pa benchi yapakhonde panali anthu awiri: mayi wachitsikana atafungata kontena ya chakudya, maso ali psuu, ndi mwamuna wamtali wovala ovolosi yosita bwino. Anali mwana wamkazi wa mlonda pamodzi ndi mwamuna wake. Mwamunayo ndiye kapitawo wa pa wekishopu pomwepo, ndipo ntchitoyo anamupemphera ndi apongozi akewo, ali mnyamata wongotuluka kumene ku sukulu ya zamagetsi.

"Sajeni, chonde mutilole tilankhule nawo," anatero mofatsa, manja ali kumbuyo. "Ndi munthu wamkulu, shuga wawo amavuta. Malo ano si owayenera."

Ndinawalola. Kapitawo anagwada pafupi ndi zitsulo za chitokosi.

"Bambo, ingosainani. N'zosavuta. Chindapusa ndilipira ine, mawa mugona kunyumba."

"Ababa, tawamverani anzangawa," anatero mwana wake, misozi ikutsika.

"Inu mkamwini," anatero mdalayo, "munandionapo nditaba?"

"Ayi, bambo, koma..."

"Ndiye khalani chete."

Mumtima ndinamuyamikira mkamwiniyo. Akamwini ndawaona ambiri pa benchi imeneyo, ndipo ambiri amabwera kudzaona ngati chitseko chakiyidwa bwino.

*

Kunja kwa geti ya wekishopu kuli mayi wogulitsa tiyi ndi buledi. Ndisanakhale n'komwe anali atandithirira kale, shuga masupuni atatu osandifunsa.

"Kusechako? Ndiye kanema wangatu ameneyo, mwanangu, ndipo sindilipira. Ikamakwana nthawi yoweruka ndimatembenuza benchi. Ndikudziwa onse amene sokosi zawo zili ndi mawindo. Wa ku sitolo yosungira zida m'wekishopumo uja chala chachikulu chimatuluka kudzapereka moni."

"Mlonda munamuonapo akudutsitsa munthu osapisa m'thumba?"

"Ameneyo? Abwana enieni amawapisitsa! Tsiku lina anatola kofiira, anavula nsapato pamaso pa antchito awo. Ine ndinaseka mpaka mkaka unatayikira."

"Alipo amene sanasechedwepo?"

"Palibe. Tsoka lake limangosiyana kabweredwe. Mayi wovala magalasi uja anakhala miyezi iwiri osakatola, tinkati wakhwima. Kenako sabata imodzi katatu, mpaka anafuna kulira. Wa ku sitolo amakatola ngati kali naye chibale. Koma kapitawo, eee! Munthu wadongosolo ngakhale pa tsoka. Kamodzi pa sabata. Akatola Lolemba, ndimadziwa kuti mapazi ake tidzawaonanso sabata yamawa. Amavula akuseka, n'kudzipindira yekha buluku kuti ena atengere chitsanzo. Sokosi zake zazitali zobiriwira, ngati wosewera mpira, ngakhale kutenthe bwanji. Zosokedwasokedwa cha pambali, koma zosabooka. Mkazi wake ali ndi dzanja."

"Bwerezani."

"Za sokosi?"

"Za sabata."

Anabwereza, akundiyang'ana ngati ndine wogontha. Kunena zoona, pamenepo sindinaonepo kanthu. Ndinangoona kuti munthu wosechedwa sabata iliyonse osapezeka ndi kanthu ndi woyera kuposa onse, ndipo zimenezi zinkamangirira mdala wanga chingwe china.

*

Wogula zitsulo zakutha ndinamupeza atakhala pa injini yakufa, akudya mtedza. Anali atagona kale m'chitokosi chathu masiku awiri, ndiye atandiona mtedzawo unasiya kukoma.

"Amayi, ine ndimaona sikelo, sindiona nkhope. Nkhope silemera."

"Wamwamuna kapena wamkazi?"

"Wa njinga yamoto. Chipewa chija chotseka mutu wonse, galasi lakuda. Amafika Loweruka, amaponya pa sikelo, amatenga zake, wapita. Moni sapereka. Ine ndimuvule chipewa ndine mkazi wake?"

"Wokalamba?"

"Wokalamba amatsika njinga chodumpha? Koma musalembe kuti ndanena ine."

"Ndiye simunadabwe, waya watsopano kubwera ku zitsulo zakutha?"

Anatafuna kanthawi. "Chinandidabwitsa ndi kadulidwe. Wakuba aliyense amabweretsa waya wopindapinda ngati zingwe zoyanikira. Uyu ankabweretsa wokulunga bwinobwino, mizere yogundana ngati ya makina, kenako n'kuudula mbali imodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi. Umakhala ngati khungwa losenda pa mtengo. Ndinkati munthu ameneyu ali ndi nthawi."

*

M'chipinda chathu chosungira katundu waumboni mumanunkha fumbi ndi matayala. Ndinatulutsa makungwa a kopawo m'saka n'kuwandanda pansi. Onse anali ofanana: otambalala kumwamba, opyapyala kumunsi, otalika ngati kuchokera pa chigongono changa mpaka pa dzanja. Ndinayesa kuwaveka botolo, anakana. Ndinayesa paipi, anakana. M'mano mwa waya, momwe munadutsa pulayala yodulira, munali titakodwa timaulusi. Ndinatiika m'kapepala, n'kutenga thumba la mdala uja.

Ndisanalowe upolisi ndinaphunzitsako masamu, mpaka fumbi la choko linandikola pakhosi. Phunziro lina ana ankadana nalo, ine n'kumalikonda. Ukafuna kudziwa ngati chinthu chamwayi chili pa chilungamo, suchifunsa, umachiyesa. Umachiyesa kambirimbiri, n'kuwerenga kuti chimene ukufunacho chatuluka kangati, n'kugawa ndi maulendo onse amene wayesa. Timipira tisanu, kofiira kamodzi: gawo la kofiirako liyenera kuzungulira pa chimodzi mwa zisanu. Ngati mlonda anachita chinyengo ndi thumbali, chiwerengero chikanamuulula. Ngati sanachite, chikanamuchitira umboni.

Ndinakhala pansi, miyendo tambalale, n'kung'amba katoni. Pisa, tola, lemba, bweza, khutchumula. Koyera ndinkalemba kadontho, kofiira mtanda, m'mizere ya zisanuzisanu kuti ndisavutike powerenga. Pa maulendo khumi oyamba kofiira kanatuluka kanayi, pafupifupi theka, ndipo mtima wanga unati mdala uja watipusitsa. Koma maulendo khumi ndi ochepa, amanama. Pofika makumi asanu kanali katatuluka khumi ndi katatu. Pofika mazana awiri, dzanja litachita dzanzi, kanali pa makumi anayi ndi kawiri, pamene ndinkayembekezera makumi anayi. Thumbalo linali loona.

Ndinayenera kusangalala, koma ndinapsa mtima. Thumba loona linkatanthauza kuti wakuba anayenera kugwidwa kalekale. Munthu wonyamula waya kawirikawiri kwa chaka chonse sangazembe kofiira mpaka kalekale. Tsiku lina kakanamupeza atanyamula. Ngati sikanamupeze, ndiye kuti wina ankamudutsitsa, ndipo pa geti pamakhala munthu mmodzi. Masamu anga omwe anali atayamba kuyankhulira Insipekitala.

Ndinaponya katoniyo pakhoma. Inagwa chagada, mizere yanga ikundiyang'ana. Inali yonyansa. Mizere itatu yotsatana yopanda mtanda ngakhale umodzi. Wina wa mitanda itatu. Wina iwiri, wina palibe, wina umodzi. Mzere uliwonse maulendo asanu.

Sabata ya ntchito nayonso ili ndi masiku asanu. Ndinamva mawu a mayi wa tiyi uja ngati waima kumbuyo kwanga: munthu wadongosolo ngakhale pa tsoka.

Ndinatsegula kapepala ka timaulusi tija n'kukayang'ana pa windo.

"Sajeni!" Insipekitala anali pakhomo, manja m'chiuno. "Boma limakulipirani kuti muzisewera timipira?"

"Ndikufufuza, bwana."

"Mlandu unatha. Mawa m'mawa mdalayo apita kukhoti, wasaina kaya sanasaine. Masamu si umboni."

"Nanga ketulo ndi umboni?"

Maso ake anafiira. "Mukatulutsa thumba limenelo m'chipinda muno, mawa mukaima pamsewu kulozera magalimoto mpaka mudzapume pa ntchito."

"Dzuwa sindiliopa, bwana. Ndipo thumbali ndasainira kale m'buku kuti lili ndi ine."

Ndinanyamulanso khungwa limodzi la kopa, n'kumulambalala pakhomopo. Sindinacheuke.

*

Mu wekishopu munkanunkha vanishi ndi waya wopsa. Mabenchi aatali, mamota otsegula mimba, nguli za waya zonyezimira zitapachikidwa pa zitsulo, ndipo pakona uvuni woumitsira mamota unkangolira chapansipansi. Mwini wake anali bambo wamfupi wa makiyi ambiri m'lamba, amene amayenda ngati nthawi zonse wina akumuthawitsira kanthu.

"Nanga n'chiyaninso? Wakuba munamugwira. Chimutengereni sitinasowe ngakhale kachidutswa."

"Ndi zimene zandibweretsa, bwana," ndinanama mosaphethira. "Akuti mlonda wanu ankachita chinyengo ndi thumbali. Ndikufuna ndiliyese pamaso panu, kuti mawa kukhoti asadzakane. Mundibwereke anthu atatu ndi choko."

Za kumangitsa mlonda anazimva msanga. Anazimitsa makina, antchito onse anatizungulira. Ndinasankha mayi wa magalasi, wa ku sitolo, ndi kapitawo, amene anali atabwerako ku polisi kuja n'kuyamba kale ntchito.

"Aliyense apisa maulendo makumi asanu," ndinatero. "Thumba likakhala loona, kofiira kayenera kutuluka cha m'ma khumi. Tiyambe ndi inu, mayi."

Mayi wa magalasi anapisa ngati akutola mchere, osaganizako. Ine ndinagwada pa simenti n'kumalemba timadontho ndi mitanda, mizere ya zisanuzisanu. Atamaliza ndinawerenga: kasanu ndi kawiri.

"Kasanu ndi kawiri kokha?" anakuwa mwini wake, makiyi akulira. "Mwati khumi! Iwe ukukazemba kampiraka! Ndinkadziwa ine, miyezi iwiri ija osasechedwa..."

"Mundisiye ine," anatero mayiyo, akuvula magalasi. "Ana anga ndimawalera ndi zala izi, osati ndi waya wanu. Mukafuna ndivule pompano, ndivula, koma mudzandipepesa pamaso pa anthu omwewa."

"Dikirani, bwana," ndinatero. Koma sindinafulumire kumuziziritsa. Ndinkafuna kuti munthu wina aone bwino chimene chimachitikira wotola kofiira mochepa.

Wa ku sitolo anapisa akudandaula ulendo uliwonse. Kofiira kanamutsata ngati ntchentche: khumi ndi kanayi.

"Mwaona? Ine ndimanena kuti wina anandipitira kwinakwake, inu mumaseka!"

"Uyunso wapitirira," anatero mwini wake, atasokonezeka. "Ndiye thumbali ndi labodza?"

"Kapitawo," ndinatero. "Nthawi yanu."

Anapukuta manja pa ovolosi, n'kumwetulira anzake. Anapisa maso ali kudenga, kuti aliyense aone kuti sakuyang'anamo. Dzanja lake silinkachedwa m'thumbamo, linkangokhalamo ngati kuphethira kumodzi kuposa la anzake. Koyera, koyera, kofiira, koyera, koyera. Kofiira, koyera, koyera, koyera, koyera. Choko chinkalira pa simenti. Pa mzere wachisanu ndi chiwiri anatola toyera tinayi motsatana.  Kachisanu kanatuluka kofiira.

Atamaliza, mwini wake anawerenga yekha, akuloza ndi nsapato.

"Khumi! Khumi ndendende pa makumi asanu! Chimodzi mwa zisanu chenicheni. Mwamuona munthu wachilungamo, Sajeni? Uyu ndiye ndimamusiyira makiyi."

Kapitawo anaweramitsa mutu modzichepetsa, n'kuyamba kubwerera ku benchi yake.

"Musapite," ndinatero.

*

Ndinaimirira n'kusasa mawondo.

"Bwana, mayiwa mwawalakwira. Phatikizani zawo ndi za wa ku sitolo: makumi awiri ndi kamodzi pa zana. Ndi mmene mwayi umayendera. Pa maulendo ochepa umadzandira, uku wachepa, uku wachuluka, ndipo umadzawongoka maulendo akachuluka. Tsopano siyani kuwerenga mitanda. Yang'anani mizere."

Anthu anasendera pafupi. Mizere ya mayi wa magalasi inali ngati mano a nkhalamba: apa mpata, apa mpata, apa awiri ogundana. Ya wa ku sitolo chimodzimodzi, wina unali ndi mitanda itatu.

"Tsopano ya kapitawo. Mundipezere mzere umodzi wopanda mtanda."

Anatsata mizereyo ndi maso, osaupeza.

"Chabwino. Mundipezere wa mitanda iwiri."

"Uliwonse uli ndi umodzi," anatero wa ku sitolo chonong'ona.

"Mizere khumi, uliwonse umodzi. Thumba silidziwa kuwerenga mpaka zisanu. Amene amadziwa ndi munthu."

"Zangochitika, Sajeni," anatero kapitawo. Mawu ake anali ofatsabe.

"Zitha kungochitika, inde. Kamodzi pa maulendo oposa zikwi zisanu ndi ziwiri. Koma inu zakhala zikungokuchitikirani sabata iliyonse, chaka chonse. Kamodzi pa sabata, osaphonya, osabwereza. Kafunseni mayi wa tiyi panjapo, amadziwa ngakhale tsiku lopuma mapazi anu. Munaphunzira kuti ndi chimodzi mwa zisanu, ndiye munkachipereka ndendende ngati msonkho. Tsiku lopanda katundu, kofiira. Masiku onyamula, koyera. Ndipo lero mukanangopisa ngati anzanu, bwenzi ndikubwerera chimanjamanja. Koma munaona mmene abwana anawalumphira mayiwa, ndiye munaopa kusiyira mwayi."

"Munthu angasankhe bwanji chinthu chimene sakuchiona?" anatero kapitawo.

"Valani magolovesi a ku uvuni aja, mubwereze."

Sanasunthe.

Mayi wa magalasi anandilanda thumbalo osapempha. Anatseka maso, n'kupisa, nthawi ino mosafulumira. Nkhope yake inasintha. Anatulutsa kofiira, n'kukabweza, n'kukhutchumula, n'kukatulutsanso.

"Mayo ine," anatero. "Kameneka sikazizira ngati tinzake. Ndipo kamakakamira pang'ono pachala. Ndi vanishi wathu uyu. Ife timasiyanitsa makulidwe a waya ndi chala, ndiye izi ndi zamwana. Koma ndani angakhale ndi mtima wofufuza m'thumba pamene basi ikuimba hutala?"

"Kampiraka anakapaka ndani, bwana?" ndinafunsa.

Makiyi aja anasiya kulira. "Penti woyamba ankasuluka. Ndiye anati pali wina wosasuluka..." Sanamalize. Anangotembenukira kwa kapitawo wake, kukamwa kuli yasa.

"Kudziwa kampira si kuba," anatero kapitawo, ndipo tsopano ulemu wonse unali utachoka m'mawu ake. "Mwandipeza ndi chiyani? Ndisecheni. Ndilibe ngakhale kachidutswa."

"Zoona, lero mulibe. Munasiya tsiku limene tinatenga apongozi anu, kuti mlandu uwakhale bwino." Ndinatulutsa khungwa la kopa lija m'chikwama changa n'kuliika pa benchi. "Kwezani buluku. Ndamva kuti mumakonda kudzipindira nokha."

Anayang'ana kukhomo. Wa ku sitolo, munthu wamantha uja, anali ataima kale pamenepo atanyamula sipanala yaikulu. Kapitawo anawerama pang'onopang'ono n'kupinda buluku.

Sokosi yaitali, yobiriwira, yosokedwa cha pambali kuchokera pa bondo mpaka pa kakolo, mzere wowongoka. Ndinatsegula kapepala kanga n'kuika timaulusi tija pambali pake, tobiriwira ngati sokosiyo. Kenako ndinakanula khungwalo n'kuliveka pa mwendo wake. Linatseka lokha, kuti khapa, kumwamba kotambalala pa katumba, kumunsi kopyapyala pa kakolo, ndipo podula pake panagona ndendende pa msoko wa mkazi wake.



"Apongozi anga akanangolipira chindapusa," anatero kapitawo akuyang'ana pansi. "Ndikanalipira ine. Palibe chimene akanataya."

Ndakhala ndikumanga anthu zaka zambiri osawada. Ameneyu ndinamuda, ndipo unyolo ndinaumanga bowo limodzi kupitirira pamene ndimalekezera.

*

Dzuwa linali lisanalowe pamene tinafika ku polisi. Mwana wa mlonda uja anali pa benchi pomwe paja, kontena ili pamiyendo, akudikira kuti amulole kupereka chakudya chamadzulo. Anaimirira ataona mwamuna wake, kenako anaona unyolo, kenako mwendo. Buluku linali lopindabe, ndipo khungwa la kopa ndinali nditalisiya pomwepo dala, kuti Insipekitala adzaone umboni ukuyenda wokha.

Mayiyo sanakuwe. Anangoyang'ana msoko uja nthawi yaitali.

"Chaka chonse ndakhala ndikusoka sokosi zimenezi," anatero. "Munkati ndi njinga ikung'amba."



Insipekitala anamvetsera zonse ataimirira. Anazungulira kapitawo kawiri, n'kugogoda khungwalo ndi ndodo yake. Za magalimoto a pamsewu sanazitchulenso, ndipo ine sindinamukumbutse, ngakhale lilime linkandiyabwa. Anangotenga makiyi n'kupita yekha ku chitokosi.

Mdala uja analowa m'chipinda chofunsira mafunso akumanga lamba wake, atawongoka ngati akupita pa geti. Mkamwini wake anali atakhala kale pa mpando womwe iye anakhalapo m'mawa, ndipo pepala lija linali pa tebulo, Insipekitala atakhwatcha dzina lapamwamba n'kulemba lina. Ndinamufotokozera mdalayo mwachidule: vanishi, mizere, sokosi. Anamvetsera osaphethira. Pamene ndinafika pa vanishi m'pamene anaphethira, ndipo ndinadziwa kuti za thumba lake zamupweteka pafupifupi ngati za mwana wake.

"Thumba lanu silinaname, bambo," ndinatero. "Ndi lomwelo lamugwira."

Anagwedeza mutu. Anayang'ana mwana wake, amene anaima pakhomo atafungatabe kontena ija, osadziwa woti amupatse. Kenako anayang'ana mnyamata amene anamupemphera ntchito.

Insipekitala anapapasa m'matumba. "Cholembera chili kuti?"

Chinali pansi pa tebulo pomwe chinagwera m'mawa. Palibe amene anachitola. Mdalayo anagwira m'mphepete mwa tebulo, n'kuwerama, mawondo akulira. Anachitola, anachipukuta fumbi pa malaya ake, n'kuchiika bwinobwino pakati pa manja omangidwa aja.

"Ingosainani, mkamwini," anatero. "N'zosavuta."